Vesi Lomwe Linatidyera Malata

Mpaka lero ndikamva chimkuzamawu chikuyesedwa pabwalo la mpira ku Biwi, ndimadzera njira ina.

Munali mu 2004, kampeni ili pachimake. Bambo wina amene ankapikisana nawo pa uphungu (tonse tinkangoti a shado) anabwera kunyumba kwanga. Ine ndinali mkulu wa mpingo, ndipo tchalitchi chathu chinali chosafolera.

"Abambo, Loweruka mudzatitsegulire msonkhano ndi mawu a Mulungu," anatero a shado. "Mupeze vesi losonyeza kuti atsogoleri amadzozedwa kumwamba. Za malata musadandaule."

Ndinavomera asanamalize n'komwe. Ndinapeza nkhani ya kudzozedwa kwa mfumu m'buku la Samueli, n'kuika kapepala patsambalo. Chomwe sindinadziwe n'chakuti Lachinayi mayi akunyumba anapita nalo Baibulolo kumapemphero a amayi, kapepalako n'kukasunthira chammbuyo. (Kuonanso Loweruka m'mawa? Ayi, ndinali kalikiliki kusita jekete.)

Tsikulo bwalo linadzaza. Amayi ovina, anyamata a minibasi, ogulitsa kaunjika, onse analipo. Anakonza zoti ndiyambe ine, kenako apemphere a shehe a mzikiti wa pafupi. Ndinatsegula pa kapepala paja, diso langa n'kuona mawu oti "mfumu", mtima n'kukhala pansi. Ndinakweza mawu ngati mlaliki wa padepoti.

Ndinawerenga zoti mfumu imene mukuifunayo idzatenga ana anu aamuna kuti azithamanga patsogolo pa magaleta ake.

Anyamata amene ankathamangira galimoto ya a shado aja anayang'anizana.

Apa munthu wanzeru akanatseka buku. Ine ndinaganiza kuti zabwino zili kutsogolo, ndiye ndinapitiriza. Idzatenga ana anu aakazi kuti aziiphikira. Mayi wina anakuwa, "Ameni!" Idzalanda minda yanu n'kupatsa anyamata ake. Apa bwalo linaphulika, poti aliyense ankadziwa za puloti ya mayi wamasiye wina imene a shado anamangapo golosale.

"Abambo, dumphani pamenepo!" ananong'ona wapampando wa chipani, akundikoka jekete.

Ndinadumphadi. Ndinakagwera pa vesi loti tsiku limenelo mudzalira chifukwa cha mfumu imene mwasankha nokha, koma Mulungu sadzakuyankhani.

Wina anazula waya wa chimkuzamawu. Atabwezeretsa, anaitana a shehe. Mkuluyo anaimirira modekha, anakonza kofia yake, n'kunena kuti, "Anzanga amaliza zonse. Ine ndilibe choonjezera."

Ndinachoka pabwalopo kudzera kuseri kwa golo. Malata sitinawaone, ndipo abusa anakhala mwezi wathunthu akundipatsa moni wa mutu wokha. Nditawafunsa mayi akunyumba za kapepala kaja, anangoti, "Nanga ndinalemba ndine?"

Patatha masiku atatu chichitikire msonkhanowo, kunabwera a shado a chipani china, nkhope ili mwee.

"Aneneri! Lamlungu masana mudzatiwerengere pomwe paja, liwu ndi liwu."

"Bwana," ndinatero, "mutu umenewu sutchula chipani. Anthu akakayamba kuyang'ana inu, ine musadzandide."

Anaganiza kaye, kenako anafunsa ngati ndingangopemphera chabe.

Kuchokera pamenepo, andale akandipempha vesi ndimawauza kuti ndili ndi chifuwa. Chaka cha zisankho chikafika, chifuwa changacho chimatha miyezi itatu.