Apongozi Anga ndi Sikuta Yazigamba

Anzanga inu, usiku wathawu ndinalota maloto oti mpaka pano mtima sunakhale pansi. Msonkhano sunayambe, senderani kuno ndikuuzeni.

Sikuta yanga ija mukuidziwa, imene mumaiseka kuti ndi okala yoyenda. Inali ya malemu amuna anga, bambo a Tiyese. Atamwalira, achibale ankafuna kuitenga, koma apongozi anga aamuna, a Likagwa, anakana. Anati itsale ndi ine, ndiziyendera potemera nkhuku m'midzimu. Chiyambireni amaikonza ndi iwowo, ndi manja awo aja okhomera zidebe. Koma za upongozi mukuzidziwa. Zaka zinayi zonsezi sitinayang'anizanepo m'maso. Amabwera m'mamawa, n'kukonza, n'kumapita, ndipo akafuna kundiuza kanthu amauza mwana kapena mtengo umene uli pafupi.

Ndiye m'malotomo dzuwa linali paliwombo, ndipo ndinamva kuti chitopa chalowa kwa Chapendeka, tsidya la mtsinje. Nkhuku mazana atatu zikudikira ine. Ndinaika katemera mu fulasiki, ayisi pamwamba, fulasikiyo m'kabokosi ka pakaliya kamene apongozi anakakuta ndi chiguduli chonyowa kuti kazizizira. Ndiye ndinaliza sikuta, ulendo.

Mwadzidzidzi madigadi akutsogolo anatsokomola.

"Mayi, pewani chithaphwicho. Ine madzi ndimawakonda, poti ndinabadwa ndowa, koma lero tilibe nthawi."

Ine osadabwa n'komwe. Ndinangoti, "Kodi paja ndiwe ndowa yofiira ija?"

"Yomweyo. Nditabooka munanditaya kudzala. A Likagwa ananditola, kundidula pakati, kundiwotha pamoto mpaka ndinapindika bwino. Pano ndimaona dziko."

Ndiye chogwirira buleki chinalowerera. Paja chenicheni chinathyoka chaka chatha, apongozi n'kulumikizapo supuni ndi timisomali tiwiri. Supuniyo inati, "Usadzitame iwe. Ine ndinkangotakasa shuga mu tiyi, lero ndimaimitsa anthu kuti asafe."

Zinayamba kukangana, chilichonse kutchula ntchito yake. Siponji yosefa mpweya inati inadulidwa ku matiresi akale. Chivundikiro cha chitini chimene anachikhomera kunsi kwa sitandi chinati popanda icho sikuta ikanamatitimira mumchenga tsiku lililonse. Kasopo kamene anamata pa mng'alu wa thanki kanangoti, "Ine sindiyankhula zambiri, ndagwira petulo."

Ndiye tikukhota chonchi, mwadzidzidzi chipika chili pamsewu, wapolisi wakweza dzanja. Ndinafinya supuni, tinaima.

"Laisensi, mayi."

Ndinapereka. Anaiyang'ana chadodolido, n'kuijompha. Ndikamati ndione bwino, pakamwa pake pasanduka mlomo wakuda, malaya ake oyera angotsala pachifuwa, munthu wasanduka khwangwala, wenzulo ili m'khosi.

"Njinga iyi ili ndi makolo angati?"

"Bwana, sindikumva."

"Madigadi a kwina, buleki ya kwina, galasi la kwina. Njinga ya abambo ambiri siyenda pamsewu uno. Tiyeni ku ofesi."

"Bwana, ndanyamula katemera, akatentha aonongeka. Nkhuku zikufa kwa Chapendeka."

"Zikafa mundiuze," anatero khwangwala, akupukuta mlomo pachipika.

Ndiye msewu unapindika ngati mphasa, ndipo tinapezeka mu ofesi, sikuta ili pamzere ngati munthu. Pakhomo analembapo kuti Ofesi Yofufuza Kwawo kwa Zitsulo. Kuseri kwa tebulo kunali bambo wa tayi, wanyamula chidindo m'mwamba. Ndinamupatsa moni, tayi inasanduka yobiriwira. Ndinabwereza, inasanduka yachikasu. Mwadzidzidzi ndi bilimankhwe, diso limodzi lili pa ine, lina pa chinangwa chimene chinali m'dirowa. Chidindo chija chinkatsika pang'onopang'ono moti ndinaona mthunzi ukusuntha pakhoma.

Mu fulasiki munamveka kamawu: "Mayi, ndine ayisi. Ndatsala ngati dzira."

"Bwana, chonde, fulumirani."

"Ndikuthamangatu apa," anatero bilimankhwe. "Chigamulo n'chakuti aliyense abwerere kwawo."

Chidindo chinagwa, phi!

Abale, ndiye zinayamba kutsanzika. Madigadi anadzimasula, n'kubwereranso kukhala ndowa yobooka, n'kumagubuduka kulowera kudzala. Supuni inati, "Tsalani bwino mayi, potsetsereka muzikhwekhwereza mapazi." Siponji inapita kukafuna matiresi ake. Kaliya, imene apongozi anaipinda kuchokera ku zitsulo za bedi, inatula kabokosi pansi mwaulemu n'kutuluka ndi miyendo inayi. Mphira za chubu zimene zinamanga nthambo zinakwawa ngati njoka. Kasopo kanati, "Ndanenatu," n'kudumpha, petulo yense n'kutsatira pambuyo pake.

Lotsiriza linali galasi loonera kumbuyo. Limenelija linali la m'chikwama cha malemu apongozi anga aakazi, ndipo a Likagwa analimangirira pa sipoko ya njinga yakapalasa. Linafunsa bilimankhwe kuti, "Ine kwathu n'kumanda. Ndipite?"

"Lamulo ndi lamulo."

Linapita. Pamenepo mpamene ndinalira.

Pansi panangotsala injini ndi mateyala awiri. Zimene ndinkati ndi sikuta ya amuna anga zinali zokhazo basi. Zina zonse zinali manja a apongozi, ndipo ine zaka zonsezi ndinkachita manyazi nazo, ndikafika pamsonkhano ngati uno n'kumaiimika kuseri kwa nyumba.

Ndiye ndinabereka injini kumbuyo ndi chitenje ngati mwana, kabokosi pamutu, mateyala akunditsatira okha ngati mbuzi. Ndinayenda, ndinayenda, injini ikundiwotcha msana.

"Mayi, ndatsala ngati mtedza," anatero ayisi.

Mwadzidzidzi ndili pamtsinje, ndipo pakati pa madzi pali mtengo wa nthundu, pansi pake pouma gwa. Pamenepo pakhala apongozi, andifulatira monga mwa nthawi zonse, nyundo ili m'manja, kachidutswa ka njanji kali pakati pa miyendo.

Anati, "Nyundo iwe, auze mayi a Tiyese atule mwanayo, wawatopetsa."

Ine ndinagwada chapatali. "Injini iwe, auze agogo ake a Tiyese kuti zonse zimene anamanga zalandidwa."

"Nyundo iwe, auze kuti dziko silinathe zinthu zotayidwa."

Ndiye anayamba. Mtsinje unkabweretsa zinthu, iwo n'kumangotola. Kunabwera wilibala yopanda teyala, anaidula manja n'kupanga chiwongolero. Kunabwera jeke yothyoka, mpando wa tchalitchi wa miyendo itatu, sefa ya tiyi imene anaiika pakamwa pa thanki kuti zinyalala zisalowe. Khwangwala uja anauluka pamwamba kudzaona, wenzulo n'kumugwa m'khosi, apongozi n'kuiwakha. "Hutala tapeza." Ngakhale chidindo cha bilimankhwe chinabwera chikuyandama, iwo n'kuchikhomera popondera phazi.

Akugwira ntchito ankalankhula ndi nyundo, koma mokweza kuti ndimve. "Uwauze kuti pulagi ikada asamathamangire kugula ina, azipala ndi m'mbali mwa bokosi la machesi. Siponji azichapa mwezi ukatha. Chubu chakutha asamataye, ndi chingwe chimenecho. Nati ikamamasukamasuka, adule kachidutswa ka patapata aike pansi pake."

Sikuta inaima, yoipa kuposa kale, koma yamphumphu. Petulo analibe, ndiye apongozi anathiramo tiyi wa m'kapu mwawo, injini n'kunena kuti shuga wachepa koma ipirira.

Ine mtima unadzaza. Ndinati, "Nyundo iwe, auze agogo kuti..."

Nyundo inadumpha m'manja mwawo n'kukhala pamwala. "Ayi. Zaka zinayi ndakhala ndikunyamula mawu a anthu awiri okhala ndi pakamwa. Lero ndili pa tchuthi."

Ndinayang'ana injini, injini inayang'ana kumbali. Mtengo nawo unakweza nthambi zake m'mwamba.

Ndiye ndinasendera ndi maondo mpaka ndinaona zigamba za pa kolala yawo.

"Bambo, zikomo. Ndimadya chifukwa cha manja anu. Tiyese ali pasukulu chifukwa cha manja anu. Ndinkabisa njingayi kuseri kwa nyumba, mundikhululukire."

Anapukuta zala ndi kansanza. Kenako analankhula, osati kwa nyundo, koma kwa ine.

"Mayi, mwana wanga atapita, anthu analira masiku atatu n'kumwazikana. Ine kulira sindikudziwa. Ndimadziwa kukhoma. Ndikamva njingayi ikudutsa kumsewu m'mamawa, ndimadziwa kuti pakhomo pake padakali moto. Ndiye musandithokoze kwambiri, nanenso ndimadyapo."

"Mayi," anatero ayisi, "nkhani ndi yabwino, koma ndatsala ngati njere ya mpunga."

Ndinakwera msangamsanga. Ndikuti ndiyang'ane kumbuyo, palibe galasi.

"Galasi lija silibwera," anatero apongozi. "Lili ndi mwini wake. Ine ndikhala galasi."

Ndiye anakwera pambuyo panga chofulatira, msana wawo kutsamira msana wanga, nkhope kuloza kumene tachokera. Sikuta inayenda pamwamba pa madzi ngati pa tala. Ndikafunsa kuti, "Kumbuyoko kuli bwanji, bambo?" iwo ankati, "Pitani, mayi. Kulibe chimene chikukutsatani."

Mwadzidzidzi tili kwa Chapendeka. Nkhuku zandanda pamzere kuyambira pachigayo mpaka pamjigo, iliyonse yapana kabuku ka kusikelo m'phiko. Tambala wina wa magalasi ankasunga mzere, akukalipira abakha kuti lero si tsiku lawo. Ndinatsegula fulasiki. Ayisi anali atatsala kadontho, koma botolo linali lozizira.

"Ndafikitsa," anatero, n'kutha.

Ndinayamba kudontheza m'maso, imodzi imodzi. Iliyonse inkaphethira n'kunena kuti, "Mupereke moni kunyumba." Thadzi lina lokalamba linandinong'oneza kuti, "Amene mwabwera nawowo ndi ndani, okhala chofulatirawo?"

Ndinati, "Ndi bambo anga."

Nditangotero ndinamva mpando wa sikuta ukulira, kwiii. Ndinatembenuka. Apongozi anali atatsitsa phazi limodzi pansi, phewa likuzungulira pang'onopang'ono. Ndinaona khutu, ndinaona tsaya la imvi, ndinayamba kuona ngodya ya diso...

Khoo! Khoo! Phwaaa!

Ndinadzidzimuka. Kunja kwayera kale, pilo wanyowa mbali imodzi, ndipo mpopi wa panja, umene wakhala wouma sabata yathunthu, ukutsokomola n'kumalavula madzi pa simenti.