Tsiku Limene Ndinatola Mpira wa Gofu

Mpaka lero gofu akayamba pa TV ndimanamizira kukatunga madzi kukhitchini. Lekani ndikuuzeni.

Zaka zimenezo ndinkagwira ntchito panyumba yosamalira okalamba ku Wembley, mumzinda wa London. Tinali ndi agogo ena achizungu, a Harold, omwe nkhani yawo inali imodzi basi: mpikisano wina wa akatswiri aamuna a gofu, umene ankaonera kuyambira ali mnyamata. Ndikamawasambitsa, gofu. Ndikamawapatsa mankhwala, gofu. Ankafotokoza mmene mpikisanowo unkasinthira dzina kampani yothandiza ikasintha, mmene unkasamukira bwalo ili ndi ilo, mpaka amene anapambana chaka chachimvula. (Ine ndinkangoti "eya, eya," maganizo ali pa sitima yobwerera ku Barking.)

Kenako kunamveka kuti mpikisanowo ukutha, chaka chimenecho n'chomaliza. A Harold ananyanyala chakudya mpaka manijala analola kuti ndiwaperekeze.

"Mtima wawo ndi wofooka," anandichenjeza manijalayo. "Asatengeke ndi chilichonse, wamva?"

Tinafika, ine nditatchena zakutchalitchi, ndikukankha agogo pa wilitcheya. Udzu wake abale, ngati kapeti! Anthu ali zii ngati pamaliro, ndipo posakhalitsa agogo anayamba kusinza. Apo kampira koyera kanagubuduka n'kudzaima paphazi panga penipeni. Ine, mwana woleredwa bwino, ndinati kataika aka. Ndinakatola, kukapukuta, n'kukaponya m'chikwama kuti agogo akhale nako kachikumbutso.

Khamu lonse linangoti "uuuu!" Kunatulukira bambo wa wayilesi m'manja, pambuyo pake wosewera wamtali, yemwe ndinamva pambuyo pake kuti ndiye ankatsogola.

"Mayi, mpira uli kuti?" anafunsa wa wayilesi uja.

"Musadandaule, ndausunga bwino," ndinayankha monyadira.

Kuti ndiupeze tsopano! Ndinatulutsa Baibulo, magolovesi, mandasi. Ndinagwira kanthu kolimba kokutidwa m'tishu n'kuwapatsa. Bambo aja anafunyulula pamaso pa kamera: mano oikirira a agogo Harold.

Mpira unapezeka, anaubwezera pamalo pake, anthu ziinso. Wosewera uja atangokweza ndodo, foni yanga inayamba kuimba nyimbo yakwaya, mokweza. Chifukwa chobalalika, m'malo mozimitsa ndinayankha. Anali Mayi Banda a ku Croydon, anzanga akutchalitchi.

"Asisi! Ndinu muli pa TV inu? Tabayibitsani tikuoneni!"

Ndinabayibitsadi. (Musandifunse.)

Anatiperekeza kugeti mwaulemu wachizungu uja wopweteka kuposa mbama. Nditayang'ana agogo, anali akunjenjemera, nkhope ili psuu, misozi chuchuchu. Ndinati basi, ndapha munthu, ntchito yatha, ndikubwerera ku Ntcheu.

"Agogo, mtima! Pumani bwino!"

Kani agogowo ankaseka. "Moyo wanga wonse ndakhala ndikubwera ku mpikisanowu, sindinaonekepo pa TV," anatero. "Lero mano anga aoneka!"

Titafika tinapeza okalamba onse ali pabalaza, ataonera zonse. Anandiombera m'manja. Manijala anayesa kukalipa, koma atangoti "mano," anathawira muofesi akugwira pakamwa. A Harold nawo, mlendo aliyense ankamuuza kuti mpikisano wakalekale uja anauthetsa ndi ine.

Ndinalumbira kuti chogwa pansi ku London sindidzatolanso. Koma mwezi watha kupaki ndinaona kampira ka tenesi kali kokhakokha paudzu, ndinawerama. Mwini wake anali galu, ndipo iye analibe ulemu wachizungu.