Penti Wofiira pa Mitengo ya ku Ngabu

Anthu akandifunsa ngati kafukufuku wanga anasintha kanthu m'dziko muno, ndimayankha kuti anasintha zambiri ndithu, makamaka ku Ngabu. Kenako ndimawafunsa za ana awo kuti nkhaniyo ithere pomwepo.

Ndinali pa digiri yachiwiri ku yunivesite, ndikuphunzira kakonzedwe ka malo m'matauni: poyenera kukhala mitengo, poyenera kapinga, poti munthu n'kukhala pansi n'kupuma. Ine ndinasankha kufufuza za mithunzi, ndipo ndinasankha Ngabu. Kumeneko dzuwa silichita masewera, mwezi wa Okutobala ngakhale mbuzi zimalimbirana mthunzi wa njinga. Komanso (ichi sindinachilembe mu lipoti) kuli azakhali anga, ndiye pogona ndi chakudya sizinali zodandaulitsa.

Azakhaliwo ankagulitsa nsomba zouma za ku Bangula pansi pa mtengo waukulu wa nimu, m'mbali mwa msewu. Anaudzala malemu amuna awo atangokwatirana. Mthunzi wake unkakwanira azakhali, amayi atomato ndi akabaza onse odikira makasitomala. Sabata imene ndinayamba ntchito, iwo anali atapita kumaliro ku Nyachikadza, anangondisiyira kiyi.

Ntchito yanga inali yoyeza mitengo yonse ya mthunzi wabwino, kukula kwa thunthu ndi kufalikira kwa mthunzi masana. Vuto ndi lakuti nimu amafanana. Ndinadzipeza ndikuyezanso mtengo umene ndinali nditauyeza kale m'mawa, ndipo unandipatsa manambala ena. Choncho ndinagula penti kuti ndiziika chizindikiro. M'sitolomo munali wofiira yekha. Mtengo uliwonse wokongola ndinkaulemba mtanda waukulu, oonekera patali. Yofota ndi yokhota ndinkaidumpha. Ndinali nditavalanso chijekete chonyezimira chimene ndinabwereka kwa mnzanga kuti anthu azindipatsa ulemu, ndipo ankandipatsadi.

Nditafika pa mtengo wa azakhali ndinaulemba mtanda woposa yonse, chifukwa cha chikondi. Apo ndi pamene a Zuze, wapampando wa akabaza, anandiyandikira atavula chipewa.

"Bwana, mitengo mukuilembayi ndiye kuti ili mu pulani?"

Mtima wanga unadzaza ndi chimwemwe. Munthu woyamba kumvetsa ntchito yanga! "Eya bambo, yonse yofiirayi ili mu pulani ya tauni."

"Nanga yopanda penti?"

"Imeneyo tilibe nayo ntchito."

"Mubweranso liti?"

"Mwezi wamawa, ndi akuluakulu."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Takhuta, bwana," anathokoza m'Chisena. "Ena satiuziratu."

Madzulo amenewo ndinalemba kuti anthu a ku Ngabu ali ndi chidwi chachikulu pa nkhani ya mitengo. Sindinaname.

Mwezi wotsatira ndinabweradi ndi mayi amene ankayang'anira kafukufuku wanga, dokotala wa maphunziro wosakonda kuseka. Njira yonse yotsika m'mapiri kulowa m'chigwa ndinali kudzitama, ndikuti akaone okha mithunzi imene ndawapezera. Titalowa mu Ngabu ndinayamba ndaganiza kuti dalaivala wasochera. Tauni inali mbee! Kumanzere zitsa, kumanja zitsa, pa khonde lililonse mulu wa nkhuni. Mitengo yofota ndi yokhota ija inali chilili, yathanzi monga kale.

"Mithunzi ija ili mbali iti?" anafunsa Dokotala.

Ndinaloza chitsa chimodzi. (Mpaka lero sindidziwa kuti ndinkafuna aone chiyani.)

A Zuze, amene anali atakhala padzuwa, anatithamangira, thukuta lili kamukamu, n'kugwira Dokotala dzanja ndi manja awiri. Anafotokoza kuti kale, pokonza msewu, anabwera anthu a majekete onyezimira, n'kulemba mitengo ndi penti wofiira. Kenako kunabwera makina, ndipo mitengoyo inakwezedwa m'malole, eni ake osatolako ngakhale kanthambi. "Koma ulendo uno nkhabe, takana," anatero monyadira. "Mnyamata wanuyu ndi waulemu, anatichenjeza. Tadula tokha. Mukhoza kuyamba ntchito."

Dokotala anandiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinali kuwerenga malemba a pa tayala la galimoto.

Azakhali ndinawapeza pamalo awo omwe aja, atamanga thumba pa timitengo kuti nsomba zisapse. Pambali pawo panali chitsa chachikulu, chatsopano. Ndinagwada.

"Azakhali, bwanji simunandiimbire foni?"

"Ndikuimbire ndinene chiyani? Ndabwera kuchokera kumaliro, andiuza kuti walemba ndi mwana wa achimwene anga, ndi dzanja lake, mtanda waukulu kuposa wa anthu onse. Ndinati ngati wako yemwe walephera kuupulumutsa, ndiye kuti zalamulidwa kumwamba. Ndinalira, kenako ndinaitana ocheka matabwa. Mtengo wa amuna anga ukwere lole ya alendo ine ndikuona?"

Ndinawauza zoona, kuti kulibe msewu, kulibe makina, penti anali wongondithandiza kuwerenga. Sanakalipe. Anatembenuza nsomba imodzi, n'kutembenuzanso ina. Chisoni chimene ndinamva pamenepo sindinachimvepo pa mayeso alionse.

Lipoti ndinalemba ndithu. Zithunzi ndinali nazo, za mitengo ilipo ndi za itapita, ndipo oyesa anati sanaonepo umboni woonekeratu chotero wa kutha kwa mitengo m'tauni. Pa gawo la zimene zinachititsa ndinalemba kuti "zochita za anthu". Sanafunse kuti anthu ake angati.

Ndinabwerera ku Ngabu mvula itayamba, ndi mbande za nimu zodzaza dengu. Ndinadzala m'mbali mwa chitsa chilichonse, a Zuze akunditsatira m'mbuyo kuona ngati ndatenga kachitini kalikonse ka penti. Mbandezo zikukula, koma nimu sadziwa kuti munthu akufulumira.

Tsopano ndikapita kukaona azakhali amandilandira bwino. Amatulutsa kampando kokongola ka matabwa a nimu, n'kukaika pabwalo, pakati penipeni pa dzuwa, iwo n'kubwerera pansi pa thumba lawo.

"Khala pamenepo," amatero. "Ndi mtengo wa malemu womwe uja. Uyeze mthunzi wake."

Ndipo ndimakhala mpaka atanena okha kuti zakwana.