Kaseti ya ku Zomba

Lolemba
Chatsala chimodzi kuti ndilandire chiphaso cha uphungu wa za maganizo: kaseti. Aphunzitsi ku Zomba akufuna kundimva ndikucheza ndi munthu wovutika mumtima, mphindi makumi anayi. Ikafike Lolemba likubwerali, apo ayi ndidikira chaka chamawa.
Malamulo awo:
- munthu mmodzi, chitseko chotseka
- osalangiza, osaweruza
- phungu alankhule pang'ono
Wailesi yojambulira ilipo, mabatire atsopano. Mabuku ndawerenga onse. Pachipatala chathu chino cha ku Chiringa anthu amavuto sasowa. Lachitatu ndikhala nditamaliza.

Lachiwiri
Mayi wina wosowa tulo wavomera kujambulidwa. Akulowa ndi amuna ake, apongozi ndi amalume awiri. Ndikufotokoza za chinsinsi. Amalume aakulu: "Chinsinsi chake tikuchidziwa ndife, iyeyu angokusokonezani." Mayi sakutsegula pakamwa. Mphindi makumi anayi za malire a munda wa nandolo. Ndafufuta.

Lachitatu
Bambo wa ku Mkhumba, yekha! Ndikudina batani lofiira. Akukonza kolala, akutsokomola: "Ndikupereka moni kwa achimwene anga ku Milanje, alamu anga ku Joni..." Mayina khumi ndi asanu ndi awiri, ndawerenga. Kenako akupempha nyimbo. Ndikumuuza kuti mawuwa saulutsidwa. "Aa, musadzichepetse, adokotala."

Lachinayi
Mbiri yafala. Pakhonde anthu khumi ndi anayi, ovala za kutchalitchi, ena ndi timapepala ta mayina. Kwaya ya amayi yabwera ndi ng'oma. Ndikufunsa ngati alipo wovutika maganizo. Onse ali bwino, kaya ine.
Buku silinena kanthu za kwaya.

Lachisanu
Mkulu wa mpingo, wamasiye, munthu wofatsa. Buku likuti kukhala chete ndi chida cha phungu: dikira, ayamba yekha. Ndikudikira. Iwonso akudikira, poti munthu sayamba kulankhula dokotala asanamufunse. Pa kaseti: tambala, mbuzi, belu la njinga, mimba yanga. Potuluka: "Ngati ndinakulakwirani, mwana wanga, mundikhululukire."
Masiku awiri atsala.

Loweruka
Mayi Namaona, osesa m'chipatala muno, andimvera chisoni. Mavuto ali nawo enieni: amuna awo anawolokera ku Mozambique osabwerera. Chitseko chotseka, batani lofiira. Ndisanafunse kanthu: "Koma inu mwaonda sabata ino. Mukudya?" Ndikuyankha mwachidule, mwaulemu chabe, ndipo macheza akuyenda. Mbali yonse ya kaseti yadzaza! Munthu mmodzi, popanda amalume, popanda moni. Ndamaliza. Andisiyira kalongonda m'kambale.

Lamulungu
Ndikumvetsera, wotchi m'manja.
Ine: mphindi makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi.
Mayi Namaona: zinayi.
Nkhani: bambo anga ouza mudzi wonse kuti chiphaso ndinalandira kale, Esinati, chibwenzi changa, amene anakwatiwa ndi munthu wa ku Limbe ine ndili m'mabuku, mantha olephera. Amuna a Mayi Namaona a ku Mozambique aja sakutchulidwa ngakhale kamodzi.
Mawu onse a mayiwo: "Eee." "Ndiye munamva bwanji?" "Pitirizani, mwanawe." Sanandilangize, sanandiweruze. Penapake anakhala chete mphindi yathunthu, ine n'kuyamba ndekha, monga buku linenera. Chakumapeto kukumveka munthu akufwenthera. N'kutheka ndi fumbi.
Malamulo onse atatu atsatidwa. Usiku wathawu ndagona tulo tabwino koyamba mwezi uno, ichinso n'choona.
Basi inyamuka mawa m'mamawa. Kaseti ili mu envelopu, pamodzi ndi fomu. Pa fomu pali mzere wakuti "Dzina la phungu". Ndauyang'ana nthawi yaitali. Umboni sindingautsutse.
Ndalemba: Mayi Namaona.
Ine chaka chamawa.