Mayi Usalowemo

Telala wa mumsewu mwathu anali ndi lamulo limodzi: sankatseka buku mwana wa eni ake ali pamavuto. Kaya mwabwera ndi diresi laukwati, kaya denga likudontha, munkadikira mpaka mwanayo atapulumuka.

Mabuku awo anali oopsa okhaokha. Nyumba zakale za makonde amdima, sukulu zogonera konko kumene ana amasowa mmodzimmodzi, mtsikana wamasiye amene wamva kugogoda m'chipinda chimene anamuuza kuti mulibe munthu. Ankawagula atatha kale kwa mkulu wina woyala mabuku pansi pafupi ndi pokwerera basi.

Ine ndimameta anthu khomo lotsatira, ndipo pakati pathu panali khoma la matabwa basi. Makina awo akangoti zii, ndinkadziwa kuti buku latsegulidwa. Posakhalitsa mawu ankabwera: "Usalowemo, mwanawe. Ndati usalowemo. Taonani, walowa." Dzina lawo linachokera pamenepo, ndipo lenilenilo tinaliiwala.

Tsiku lina wapolisi anang'amba thalauza kumbuyo podumpha ngalande. Anakavulira kwa mayi, kuseri kwa nsalu yotchinga, n'kuponyera thalauzayo pamakina. Anadikira mpaka miyendo inazizira.

"Mayi, kodi yatha?"

"Sinayambe."

"Ine ndili pantchito."

"Ndiye mwafika bwino. Muno ana akusowa, wapolisi wa m'bukumu akungomwa tiyi. Inuyo mukanayambira pati?"

Bamboyo anafufuza mlanduwo ali kuseri kwa nsalu, atavala malaya, nsapato ndi chipewa. Analoza mphunzitsi wamkulu, koma wolakwa anapezeka kuti ndi wophika. Mawa lake anabweranso ndi malaya amene batani lake linkaoneka kuti lachita kudulidwa ndi mpeni.

Vuto lalikulu linadza pamene anagula buku lopanda masamba omaliza. Linathera pomwe mnyamata wina amuponya m'chitsime chouma n'kuvundikira. Mayi anakhoma shopu. Wogulitsa mabuku anati analipeza kwa wogulitsa misomali. Wamisomali anavomera kuti masambawo anakulungira makasitomala katundu. Mayi anayenda kalipentala ndi kalipentala, dzuwa likuswa mtengo, akufunsa amuna akuluakulu kuti atembenuze matumba awo. Anthu ankati mayi aja mutu wazungulira. Pamapeto pake anapeza tsamba limodzi lamafuta, lobooka pakati, kwa wokhoma mabokosi amaliro. Analiwerenga ali chiimire.

"Watuluka," anatero. "Koma waonda."

Ine ndine wamantha, sindibisa. Ndinawafunsa ngati zimenezi siziwaopsa.

"Mzukwa sundiopsa, achimwene. Umangogwira ntchito yake. Amene amandipsetsa mtima ndi akuluakulu. Mwana akuti kudenga kuli chinthu, iwo akuti kagone. Azakhali ali kuti m'mabuku amenewa? Anansi ali kuti? Ndiye ine ndimakhalapo, mwanayo asakhale yekha."

Tinaseka, ndipo tinasiya kuseka chifukwa cha nyumba ya kumapeto kwa msewu, ya mpanda wautali wokhala ndi mabotolo oswa pamwamba. Mmenemo munkagwira ntchito mtsikana wina wamsinkhu woti akadali pasukulu. Ankabweretsa zovala za abwana ake kudzasoketsa, ndipo Mayi Usalowemo ankamubwereka mabuku. Kenaka anasiya kubwera. Mlonda wa pageti anati anapita kwawo.

"Apite kwawo buku langa asanabweze? Mwana uja ayi," anatero mayi.

Ife tinati za m'mpanda mwa eni ake n'za eni ake. Masana ake mayi analowa kwanga, tepi yoyezera ili m'khosi, lumo lili m'thumba.

"Nyamulani mpando wanuwo, achimwene. Tikayeza makatani."

"Kuti?"

"Mukudziwa."

"Mayi, kodi dzina lanu limati chiyani?"

"Limenelo ndimauza ana. Akuluakulu amalowa."

Pageti mlonda anati adona achoka ndipo sanamuuze za makatani. Mayi anamuyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Adona amakuuzani zonse, bambo? Akabwera muwafotokozere nokha kuti munabweza telala." Geti linatseguka.

Tinazungulira nyumba zenera ndi zenera, iwo akukwera pampando n'kumasuzumira m'kati, ine ndikugwirizira mpandowo, ngakhale kuti wonjenjemera kwambiri ndinali ine. Kuseri kunali kachipinda kosungira katundu, kopanda zenera, loko ali pachitseko. Mayi anagogoda. Kunali zii. Anagogodanso n'kunena kuti, "Ndine telala, mwanawe."

M'katimo wina anayamba kulira. Polankhulira pamng'alu wa chitseko, mtsikanayo anati anapempha kuti abwerere kusukulu, ndipo kuyambira pamenepo adona akamachoka ankamutsekera mmenemo kuti asathawe.

Mayi anaika mpando wanga pakhomo pomwepo n'kukhala. Anandituma kuti ndikaitane wapolisi wa thalauza uja, ndipo sindinathamangepo chotero chibadwire. Pobwera naye tinapeza adona afika kale, makiyi agalimoto ali m'manja, mawu ali pamwamba.

"Ndinu ndani m'nyumba mwanga?"

"Azakhali ake a mwanayu."

"Ameneyo alibe azakhali."

"Kuyambira lero ali nawo."

Adona anawaopseza ndi loya, ndi agalu, ndi amuna awo. Mayi anangopinda manja. Anati amene akufuna kuwachotsa awanyamule ndi mpando womwe, koma adziwe kuti mpandowo ndi wa eni ake. Wapolisi, amene ulendo uno anali atavala mokwanira, analamula kuti loko atsegulidwe.

Mtsikanayo anatuluka akuphethira ndi dzuwa, buku lija atalipana m'khwapa. Mayi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumupukuta nkhope ndi nsonga ya mpango wawo.

"Wafika pati?" anamufunsa.

"Munali mdima, sindimatha kuwerenga."

"Ukamalizira kwathu."

Anakhala nayedi mpaka anamaliza sukulu. Mlandu wa adona unatenga nthawi, ndipo tsiku lililonse la kukhoti mayi ankakhala pabenchi lakutsogolo, buku lili pamiyendo, osalitsegula.

Anatisiya chaka chatha, atangodwala pang'ono. Titaika maliro tinagawana mabuku awo, amene anali atadzaza makatoni pansi pa tebulo lodulira nsalu. Wapolisi uja, amene tsopano anapuma pantchito, anatenga ambiri. Mtsikana uja lero ndi namwino. Ndinamupatsira limodzi, koma anapukusa mutu akumwetulira.

"Nyumba zimenezo ndinakhalamo kale, amalume." Anapempha magalasi a mayi basi.

M'shopumo tsopano muli mnyamata wogulitsa machaja a foni. Ndi waulemu, amapereka moni, ndipo wailesi yake imalira tsiku lonse. Komabe msewu uli zii. Ana amadutsa m'mawa ndi madzulo, ndipo palibe amene amakweza mutu kuona ngati wina wasowapo.

Dzulo ndinaona kamtsikana katakhala kokha m'mphepete mwa ngalande nthawi ya sukulu, mutu uli pamawondo. Ndinasiya munthu nditamumeta mbali imodzi, n'kuwoloka msewu kukakafunsa. Kanali kakungodikira mayi ake amene analowa mogulitsira mankhwala, ndipo ndinaima nako mpaka anatuluka. Nditabwerera, wometedwa uja anali atakwiya. Ndinamuuza kuti tsitsi silithawa.