Tsiku limene ndinaphulitsa chilengedwe

Mpaka lero ndikaona baluni m'golosale ndimayang'ana kumbali.

Nditamaliza Folomu 4 ndinayamba ganyu yothyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Ndine munthu wamanyazi, koma kukana munthu wamkulu sinditha. Tsiku lina tikupuma masana, a kapitawo anandiloza. "Iwe wasukulu, mayi Muhiwa ali ndi funso. Nyenyezizi zinachokera kuti?"

Mayi Muhiwa anali atangoika amuna awo mwezi wapitawo. Malemuwo anali alonda, ndipo akamaweruka m'bandakucha ankawalozera akazi awo nthanda. Tsopano mayiwo ankailonjera nthandayo m'mawa uliwonse popita kumunda.

Ndinapempha kuti ndiyankhe mawa (ndinkafuna kuchita bwino, ndilo vuto langa). Ndinakagula baluni pa Boma, n'kuidontheza timadontho ndi bolopeni monga ankachitira aphunzitsi athu a sayansi.

Mawa lake anthu anakhala pa madengu awo pansi pa mtengo. Ndinayamba kufotokoza. Ndinati akatswiri amanena kuti kalekale zonse zimene zilipo zinali zothinana pamalo amodzi, pochepa kuposa njere ya tiyi, potentha koopsa. Kenako malowo anayamba kufutukuka ndi kuzizira. Mpweya unasonkhana m'magulu ngati nkhungu ya m'zigwa zathuzi, unapanikizana mpaka kuyaka, ndiye nyenyezi zoyamba. Nyenyezizo zili m'magulu akuluakulu otchedwa milalang'amba.

"Dontho lililonse pano ndi mlalang'amba," ndinatero, n'kuuzira baluniyo. "Mukuona? Akutalikirana. Mpaka lero akutalikiranabe."

"Eee, ngati ana anga a ku Joni," anatero a kapitawo. Anthu anaseka, mtima wanga unakhala pansi.

Mayi Muhiwa sanaseke. "Mwanawe, ndiye kuti nthanda ija nayonso ikundithawa?"

Yankho ndinkalidziwa. Nthanda ili pafupi, imazungulira dzuwa limodzi ndi ife, sikupita kulikonse. Mawu amodzi okha, "ayi", akanakwana. Koma ine ndinayamba ndi kuwakonza.

"Pepani amayi, nthanda si nyenyezi kwenikweni. Ndi dziko la miyala lopanda munthu."

Nkhope yawo inagwa. Ndinachita mantha, ndipo ndinabweza baluni kukamwa. Ndinauzira. Ndinauziranso (ndimaganiza kuti madontho akakula mfundo imveka). Kachitatu, phuu!

Kachidutswa kanandimenya m'diso. Mayi wina anakuwa, mwana amene anali kumsana kwake analira.

"Ndiye mathero ake ndi amenewa?" anafunsa mayi Muhiwa motsitsa mawu.

Ine ndinatanganidwa ndi kupukuta misozi imene inkatuluka diso limodzi. Iwo anawerama, anatola kachidutswa kamene kanali ndi dontho limodzi, n'kukamanga pa nsonga ya chitenje. Anabereka dengu lawo n'kubwerera m'mizere.

Masiku atatu ndinkawazemba. Tsiku lachinayi tinakumana panjira kusanache bwino, mame ali tho m'tiyi. Ndinavula chipewa.

"Amayi, tsiku lija sindinamalize. Nthanda sikuthawa. Imayenda nafe."

"Ndikudziwa, aphunzitsi," anatero akuloza kum'mawa. "Ndakhala ndikuiyang'anira. Siyo apo? Mukanangonena tsiku lomwelo, ndikanagona bwino."

Kuyambira pamenepo ndimayesetsa kuyankha zimene munthu wafunsa, zotsalazo n'kuzisunga m'mutu. Dzina lokha ndilo linandikakamira. Pa sikelo, poyeza tiyi, amangoitana kuti, "A Baluni, bweretsani dengu."