Mlandu wa Buku la Chikuto Chofiira

Lolemba

Ndatopa. Lero ndapita kwa amalume a Zuze, ankhoswe anga, kukatula nkhani. Akuti Lamulungu tikaweruka ku Misa abwera kunyumba pamodzi ndi alamu, ankhoswe akuchimuna, tidzakhale pansi.

Mlandu ndi uwu: bambo a Tadala sakundilankhula. Sitinayambane ayi. Chithere ntchito yawo kufakitale, miyezi itatu tsopano, munthu amangokhala pakhonde, buku kumaso. Ndikafunsa kanthu, yankho ndi "mm". Ndiwo zapsa, "mm". Sabata yatha ndinayesa kuwauza kuti ndikukwatiwa ndi kondakitala wa minibasi, "mm".

Paja amati banja ndi awiri, wachitatu ndi kapasule. Kapasule wanga ine ali ndi masamba oposa mazana asanu.

Amalume akuti: "Mlandu umafuna umboni, mwanawe. M'mabukumo muli chiyani?" Sindinatsegulepo ndi limodzi lomwe.

Ndiye pulani nayi:
1. Kuba buku limodzi. Ndaba kale, la chikuto chofiira, linali pansi pa bedi. Eni ake ali pa lina lobiriwira.
2. Kuwerenga lonse pofika Loweruka, ndikulemba zoipa zake papepala.
3. Kukamuuza wogulitsa mabuku ku Limbe kuti asiye kundiphwasulira banja.
4. Lamulungu mabuku onse atuluke m'nyumba muno, mwamuna wanga abwerere.

Pachikuto pali anthu asanu ndi awiri, malupanga, nkhwangwa, kumbuyo kwawo mzinda ukupsa, palibe ndi mmodzi yemwe akuthamangira madzi. Mkati muli mapu a dziko lomwe kulibe! Mitsinje, mapiri, milatho, zonse. Munthu wamkulu anakhala pansi nkujambula msewu wopita kumalo osakhalako. Anafuna chiyani?

Lachiwiri

Ndikuwerengera m'minibasi ndi pa lanchi. Buku ndalikuta ndi nyuzi, anzanga pa risepushoni asandiseke.

Nkhani yayambira pakati, anthu ali kale kuthamangitsana. Kuyang'anitsitsa pachikuto, alemba kuti Buku Lachiwiri. Loyamba m'nyumba mulibe.

Anthuwa ndi asilikali aganyu. Alibe dziko, alibe mfumu yawoyawo. Mfumu ina ikawalemba kuti akamenye mnzake, amapita. Nkhondo ikatha, amamanga katundu, kukafuna ganyu wina, mwinanso kwa yemwe amamumenya dzuloyo. Ngati olima m'minda ya eni, kungoti khasu lawo ndi lupanga.

Mayina awo ndi othyola lilime, ndiye ndawapatsa anga:
Mayi Zala Zitatu, mtsogoleri. Mzimayi! Amuna makumi anayi, akangotsokomola onse zii.
Chimtali, amene amanyamula miphika ndi nkhwangwa. Amaopa mahatchi.
Mfiti ya gulu. Imatsitsa moto kuchokera kumwamba, kenako imakomoka masiku awiri, anzake nkumainyamula pamachira akutukwana.

Zoipa zimene ndapeza:
Kuphana. Tsamba lachitatu munthu wataya kale mkono.
Ufiti wapoyera, masanasana.
Kutchalitchi sapita.
Kusamba, chiyambire sindinamve.

Mafunso anga: zovala amawachapira ndani? Akazi awo ali kuti? Nanga munthu ungafere bwanji mfumu yoti dzina lake walimva Lolemba?

Ndangopitirira pang'ono pomwe ndinafuna kulekezera, kuti ndione ngati awoloke mlatho wina umene afikapo. Ndi umboni womwewo.

Lachitatu

Ndapitirira siteji! M'malo motsika pa Ginnery Corner, ndikudzutsa mutu tili pa Chichiri. Kondakitala akuti: "Mayi, baibulo lanulo ndi lokoma bwanji, mutigawireko vesi." Ndabwerera wapansi, dzuwa lili pamutu, ndafika mochedwa. Bwana andiyang'ana, ayang'ana wotchi.

Mlatho awoloka, koma atatu atsala m'madzi. Chimtali wabwerera kawiri kukavuula anzake, kachiwiriko wavuula hatchi. Hatchi yomwe amaiopayo! Ndaseka ndekha pa desiki, foni ikulira.

Pepala la zoipa silikuyenda. Ndawonjezapo chimodzi chokha: amadya nyama yosapsa bwino.

Chinthu china. M'bukumu muli mizere ya pensulo, dzanja la bambo a Tadala. Ndimayesa adzalemba mzere pomwe pali akazi, kapena pomwe mitu ikuuluka. Ayi. Alemba pomwe gulu lakhala pansi nkhondo itatha, likugawana chakudya nkumatukwanizana. Alembanso pomwe mfumu ina ikuwauza kuti ganyu watha, chokani m'dziko langa lero lomwe, ndiye Mayi Zala Zitatu akungowerenga anthu ake mmodzimmodzi, kuti aone ngati akwana, nkunyamuka. Pamenepo mizere iwiri, pensulo mpaka kuboola pepala.

Chifukwa chiyani pamenepo? Palibe chachitika, anthu angowerengedwa ngati mbuzi zolowa m'khola.

Madzulo ndikuwasuzumira pawindo. Akuwerenga, mphuno ikuchita fwe fwe, ndiye kuseka kwawo. Zaka khumi ndi zinayi ndili nawo, ndimakudziwa. Zatsala pang'ono kundipulumuka kuti, "Kodi Chimtali m'lobiriwiramo alimo?" Ndadziluma lilime. Mboni siicheza ndi woimbidwa mlandu.

Lachinayi

Ndapempha kuweruka masana, ndanamizira dzino. Ulendo wa ku Limbe, kukathana ndi wogulitsa mabuku.

Ndimaganiza kuti ndipeza kamnyamata kandolo kukhutu. Ndapeza Che Saidi, bambo wachikulire wa chisoti choyera, mabuku atayala pa saka pafupi ndi ogulitsa nsapato za kaunjika. Andipatsa kreti yokhalira. Mawu onse amene ndinakonza m'minibasi, balala.

Ndangofunsa kuti mabuku otere amagula ndani. Che Saidi akuti: "Alonda, madalaivala, anesi awiri, ndi bambo wina wa suti amene amaima patali nkutuma diso. Anthu otumikira eni, mama. Bwana sagula."

Ndafunsanso kuti chimawakoka nchiyani. Akuti: "Ena nkhondo. Koma nkhondo yokha imatopetsa. Munthu amabwerera kuti akaone ngati anzake aja akadali moyo." Anzake! Anthu apapepala!

Kenako pakamwa panga pandipereka. Ndamva ndekha ndikufunsa ngati Buku Lachitatu lilipo.

Kulibe. Akuti mabuku amabwera m'makatoni osakanizika ngati zovala za m'belo, susankha. Mzinda wonse uno uli ndi lachiwiri, lachinayi ndi lachisanu. Loyamba ndi lachitatu palibe analionapo. Ndiye tsiku Lachinayi lililonse masana owerenga amasonkhana pa saka pomwepo kukangana kuti m'lachitatumo munachitika chiyani. Aliyense ali ndi lake m'mutu.

Lachinayi ndi lero. Ndisanamalize kuganiza, ndaona shati ya mizere ikuwoloka msewu. Shati yomwe ndinasita ndekha, eni ake atangoti "mm" nditawafunsa ngati akukasiya makalata ofunsira ntchito.

Ndabisala kuseri kwa mulu wa nsapato. Wogulitsa akundiyesa kasitomala, ndayesa nsapato zitatu, maso ali kwina.

Bambo a Tadala akulankhula! Aimirira pakati pa amuna anayi, manja m'mwamba, akusonyeza mmene nkhwangwa imatsikira. Akuseka mano onse pamtunda. Mlonda wina akuwatsutsa, iwo akumugwira paphewa. Sindinawaone chonchi chithere ntchito.

Zandiwawa, ndisaname. Mawu alipo, kungoti si anga. Komanso mtima wina ukuti, aseke, bola aseke. Ndabwera kunyumba ndi nsapato zosandikwana.

Lachisanu

Tsoka! Ndapita kwa amalume ndi pepala la zoipa, buku lili m'chikwama. Awerenga pepala, magalasi ali pamphuno, akuti: "Kandimverere anakanena za m'maluwa. Siya bukulo ndilione ndekha."

Ndati amalume, ndi Chingerezi chovuta. Akuti anaphunzira kwa ansembe, ine ndisanabadwe. Ndati muli zaufiti. Akuti ndiye chifukwa chake. Alitenga m'manja mwanga ngati akulanda mpeni kwa mwana.

Kwatsala masamba makumi asanu ndi limodzi! Ndipo ndalekezera pati? Mfumu yomwe inawalemba ganyu yawapereka. Gulu lalowa mumzinda, mfumu yatseketsa chipata, Chimtali watsala kunja, muvi uli m'ntchafu, adani akutsika phiri. Mayi Zala Zitatu wangoima kuyang'ana chipata. Pomwepo amalume nkuti siya bukulo!

Kuntchito ndikungoyang'ana khoma. Munthu waimba kufunsa mtengo wa matayala, ndamulumikiza kwa mlonda wapageti.

Cha m'ma folo amalume aimba. Ndikuti mwina apeza umboni. Akuti: "Mwanawe, kodi wamtali uyu akuopa hatchi chifukwa chiyani? Inamumenyapo?" Ndati sindikudziwa, mwina zili m'loyamba. Akuti: "Loyambalo lili ndi ndani?"

Loweruka

Kuchapa, kukolopa, kugula nkhuku ya ankhoswe. Manja akugwira ntchito, mutu uli pachipata.

Amalume aimba kanayi. Koyamba akuti mfitiyo ndi yaulesi. Kachiwiri akuti ayi, ailakwira, ndi matenda. Kachitatu akufunsa ngati ndili ndi kandulo yapadera, magetsi akathima. Kachinayi ndawachonderera kuti asandiuze kalikonse kopitirira chipata. Akuti sanafikepo nkomwe, akuwerenga mofatsa, paja ndi umboni.

Ndaimbira alamu kuwakumbutsa za mawa. Ndatchula bukulo. Akuti: "Lofiira lija? Ndi langatu, mlamu. Ndine ndinawabwereka achimwene." Mayo ine! Woweruza mmodzi ndi mwini katundu, winayo wamira kale.

Ndayesa kuuthetsa mlandu. Amalume akana: "Ankhoswe si minibasi yoti uimitse kenako nkuti pitani. Tikubwera."

Ndikusosola nkhuku, mthunzi pakhomo. Bambo a Tadala. "Mayi a Tadala, mwaonako buku langa la chikuto chofiira?" Chiganizo chathunthu, mutu ndi mchira! Choyamba m'miyezi itatu, ndipo ine ndayankha bodza. Ndati mwina makoswe.

Mlandu wanga watsala ndi chiyani? Kuphana, ndinakondwa pomwe anapha kazembe wina wankhanza. Ufiti, popanda mfitiyo onse akanathera pamlatho. Kwatsala zazing'ono zokha, monga kusasamba.

Koma funso langa likadalipo, ndipo ndilo likundisowetsa mtendere. Kwa Che Saidi amalankhula, nanga kwa ine bwanji?

Lamulungu

Abwera. Pemphero, moni, madzi akumwa. Amalume akuti ndinene dandaulo langa. Pepala la zoipa ndalisiya m'chikwama. Ndangoti: sandilankhula, ndipo ndawasowa.

Amalume atulutsa buku m'thumba la jekete, kuliika patebulo. Bambo a Tadala ayang'ana buku, ayang'ana ine. Makoswe apezeka.

Amalume ayamba bwino ndithu, za udindo wa mwamuna m'nyumba. Chiganizo chachitatu ali kale pachipata. Akuti mtsogoleri wanzeru sangaike anthu makumi anayi pamoto chifukwa cha mmodzi. Alamu akuti ndiye si mtsogoleri. Mawu akwera, zala zikulozana. Ankhoswe anga awiri atsala pang'ono kufuna ankhoswe awo. Ine ndatseka makutu ndi manja, ndikuopa kumva mathero.

Kenako bambo a Tadala alankhula, motsitsa, maso ali pansi. Ndatsegula makutu.

"Anthu amene aja mfumu iliyonse imawathamangitsa, koma amachoka limodzi. Ife tsiku la makalata otichotsa ntchito aliyense anatuluka pageti yekha, envulopu m'manja. Zaka khumi ndi ziwiri tikudyera mbale imodzi, palibe anatembenuka. Ngakhale ineyo sindinatembenuke."

Alamu akuyang'ana denga.

"Ndipo kunyumba munthu amafotokoza zimene wachita tsikulo. Mayi a Tadala akabwera amakhala ndi nkhani za kuntchito. Ine ndiwauze chiyani? Kuti ndakhala?"

Manyazi andigwira. Miyezi itatu ndakhala ndikuyesa mwano, osadziwa kuti munthu akusowa chobweretsa.

Chigamulo cha ankhoswe: mabuku sachoka. Aziwerenga, koma azifotokozera mkazi wawo. Ine ndisiye kuba. Nkhuku yadyedwa yonse. Potuluka, amalume abwezera umboni m'jekete, akuti kwatsala mitu iwiri, adzabweza akamaliza kufufuza.

Walira mvula walira matope. Chichokere alendo, bambo a Tadala sanatseke pakamwa. Akunditsata kukhitchini, atenga nsalu akupukuta mbale, akufotokoza za m'lachinayi, za m'lachisanu, ndi lachitatu lawo la m'mutu. Ndatchula Chimtali, akufunsa kuti dzina limenelo ndinalitenga kuti, akuseka mpaka kutsamira khoma. Kenako, osaganiza nkomwe, akuti: "Mayi uja anatsegulitsa chipata, onse anatuluka kukamutenga. Kungoti anamupeza atatha kale. Anamunyamula pa hatchi."

Ndaika mbale pansi. Ndabwera kuchipinda, ndalira, sindikudziwa kuti ndikulirira uti.

Akugogoda. Akuti pepani, akuti m'lachinayi muli wina wabwino kuposa iyeyo, ndituluke andiuze.

Ndikutuluka.